Funso Lija Linathera Pati?

Tsiku lina mukadzakhala pamsonkhano, kaya ndi wa komiti ya zaumoyo, kaya wa chitukuko pabwalo la agulupu, kaya wa kumphakati, mudzayese kachinthu aka. Munthu woyamba akadzafunsa funso, mudzalilembe pakapepala monga momwe walifunsira, n'kukapinda. Anthu akadzayamba kusansa fumbi kuti azipita, mudzakatambasule kapepalako n'kuona ngati alipo amene wayankha. Kawirikawiri mudzapeza kuti anthu alankhula maola awiri, ena mpaka kulozana zala, koma funso lija likadali pomwe linagwera, ngati khasu loiwalika m'munda.

Zimenezi timaziseka, timati misonkhano yathu ndi momwemo. Kwa ine zinasiya kalekale kuseketsa. Ndine namwino komanso mzamba, ndipo masiku ano nthawi yanga yambiri imathera m'kalasi ndi m'mawodi pamodzi ndi ophunzira. Pantchito yathuyi funso likasochera, nthawi zambiri pamakhala mayi amene akudikira yankho lake ali chigonere pamphasa.

Titenge dera la Mfumu Kasisi, m'boma la Chikwawa. Mukaliona pamapu mukhoza kunena kuti ndi dera lamwayi. Chipatala chachikulu cha boma sichili kutali monga momwe chimatalikira kwa anthu a kwa Chapananga, ndipo zinthu zikavuta kwambiri, ulendo wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi wa makilomita pafupifupi 50, kuwoloka Shire n'kukwera phiri pa Thabwa. Koma mapu saonetsa matope a mu Januwale. Midzi yambiri ili kutali ndi msewu wa tala, ina cha kumpanda wa nkhalango ya Majete, ndipo kakhwawa kamene mwana amalumpha mu Okutobala kamasanduka mtsinje wokokolola munthu wamkulu mvula ikagwa kumapiri. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022 pomwe namondwe wa Ana anagumula damu la ku Kapichira n'kudula msewu wa M1 m'malo angapo, ndi Malichi wa 2023 pomwe Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo chino cha kummwera. Choncho funso loti mayi wodwala usiku adzafika bwanji kuchipatala si lopeka kwa Kasisi.

Tsono tiyerekeze msonkhano pansi pa mtengo wa nimu. Mtsikana wa mimba yoyamba, atakhala kumbuyo kwa amayi anzake, wakweza dzanja mwamanyazi: "Zikomo apampando. Ine ndimati ndifunse nawo, munthu matenda akamuyamba usiku mvula ikugwa, tizimunyamula pa chiyani?"

Bambo wina akuti funsolo ndi labwino, ndipo akukumbutsa kuti kale mudzi unali ndi njinga ya ambulansi imene bungwe lina linapereka. Wina akuti inde, koma atiuze kaye amene anachotsa matayala ake. Msungichuma akumva ngati mwalawo walunjika iye, ndiye waimirira kunena kuti sanadyepo tambala ya munthu, ndipo ngati anthu atopa naye asankhe wina. Mawu oti kusankha adzutsa mnyamata amene wakhala akung'ung'udza kuti kumaphunziro a maalawansi kumapita anthu omweomwewo. Mayi wina akuti si kumaphunziro kokha, ngakhale m'kaundula wa chimanga cha thandizo ndi wa feteleza wotsika mtengo mayina ndi omwewo. Apa tsopano aliyense ali ndi mawu. Kumapeto agogo ena akuti vuto lenileni ndi atsikana a masiku ano, akutenga mimba akadali ana chifukwa cha mafoni ndi makanema. Iwo ana awo onse anachirira m'chikuta popanda njinga. Anthu akuwomba m'manja. Apampando ayang'ana dzuwa, n'kupempha wina kuti atseke ndi pemphero.

Mtsikana uja akubwerera kunyumba ndi funso lake, kuwonjezapo manyazi, poti nkhani yathera pa iye.

Mukaiona bwino nkhaniyi, palibe amene wanama, ndipo palibe amene anabwera ndi cholinga chosokoneza. Aliyense walankhula zogwirizana ndi zimene wanena mnzake amene wangokhala pansi kumene. Vuto lagona pomwepo. Wachiwiri wayankha woyamba, wachitatu wayankha wachiwiri, wachinayi wayankha wachitatu. Phazi lililonse ndi lalifupi ndipo likuoneka lolunjika, koma mukaponda mapazi khumi otere mwatulukira kumudzi wina. Munthu sasankha kusochera m'tchire, amangotsata kanjira kooneka bwino kamene kali patsogolo pake.

Zimene zimakoka nkhani

Funso lovuta limathawitsa anthu. Kuti muyankhe za mayendedwe a usiku, mufunika kutchula ndalama, kutchula mwini njinga yamoto amene angavomere kudzutsidwa pakati pa usiku, ndi kutchula amene adzasunge thumba. Zonsezi zimamanga munthu. Za matayala osowa sizimanga aliyense, ndipo aliyense ali nayo ndemanga. Mngelezi wina, C. Northcote Parkinson, analemba za khalidwe lomweli mu 1957. Anayerekeza komiti imene yavomereza m'mphindi zochepa kumanga malo a mphamvu ya nyukiliya a ndalama zankhaninkhani, poti palibe amene akuzimvetsa, koma n'kukangana nthawi yaitali za denga la kashedi kosungiramo njinga, poti denga aliyense amalidziwa. Ndiye musaganize kuti ndi matenda a ife a m'chigwa tokha. Azungu ovala mataye nawonso amadwala.

Komanso tisawaweruze msanga anthu opatutsa nkhani. Mayi wa kaundula wa chimanga uja mwina madzi anamutengera nyumba ndi mbuzi, dzina lake silinatuluke, ndipo palibe bwalo lina limene angakadandauleko. Msonkhano uliwonse umene waupeza ndi wake. Madandaulo a mudzi akasowa kolowera amatulukira paliponse, pamsonkhano wa za uchembere, wa za mjigo, ngakhale pamaliro. Dandaulo la mayiyu ndi loona ndipo liyenera kukhala ndi tsiku lake. Chimene ndikukana ine n'choti lidye tsiku la mnzake.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi ichi: amene amafunsa mafunso a uchembere nthawi zambiri ndi amene mawu awo ali opepuka pabwalo. Ndi mtsikana, ndi mtengwa amene wabwera chaka chatha, ndi mayi amene sanapite patali ndi sukulu. Kukweza dzanja kamodziko kwamutengera mtima wonse. Sangaimirirenso kudula agogo pakamwa n'kunena kuti, "Si zimene ndinafunsa." Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula umakhala chete, ndipo ulemu umenewo ine sindikuutaya. Koma zotsatira zake n'zoti nkhani imayenda kuchoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, ndipo ikafika kumeneko sibwereranso.

Si za uchembere zokha. Nthawi ya kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, funso laling'ono loti kolorini tikatenga kuti ndipo tithira wochuluka bwanji m'ndowa linkatha kumira m'mphekesera za katemera ndi za komwe matendawo achokera. Anthu ankabalalika atakhuta nkhani, madzi akumwa ali omwe aja.

Usiku pakhonde

Pamsonkhano wa masana funso likasochera timataya tsiku. Koma pali msonkhano wina umene suitanidwa ndi belu kapena mthenga wa amfumu, wa anthu anayi kapena asanu pakhonde, tochi ili m'manja, mayi akubuula m'nyumba. Funso lake ndi limodzi: tinyamuke tsopano kapena ayi?

Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi ambiri amene amafa pa uchembere amafa chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Mpaka lero timaphunzitsa zimenezi m'sukulu za unamwino. Kuchedwa kwachiwiri timakudziwa tonse, ndi milatho ndi matope. Kuchedwa koyamba anthu amakutcha umbuli kapena kusalabadira, pomwe amayi ndi operekeza amene ndacheza nawo zaka zonsezi amafotokoza zina. Pakhomo sipanali chete. Anthu analankhula usiku wonse, kungoti ankalankhula nkhani ina.

Imayamba chonchi. Matenda atenga nthawi, mwana sakutsika. M'malo mofunsa kuti njinga tiipeza kuti, wina akufunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana akukana kubwera. Ndipo pali yankho lakale limene limakhala likudikira: wina m'banjamo anayenda njira zosayenera, aulule. Mayi amene akufunika opaleshoni akufunsidwa mayina a amuna. Ena akuti ayi, timumwetse kaye mwanamphepo kuti matenda akhwime, osadziwa kuti mankhwala otere amafinya chiberekero mwamphamvu pomwe njira ili yotseka, mpaka chimatha kung'ambika. Kenaka pabwera funso loti mwini mawu ndani. Kwa Amang'anja ayenera kumva kaye ndi atsibweni. Kwa Asena, kumene mkazi analowoledwa, mawu ali kuchimuna. Banja likakhala losakanikirana, monga alili ambiri kuno, mbali ziwirizi zimatha ola lathunthu zikukumbutsana za mwambo. Mwamuna ali ku Joni kapena kuminda ya nzimbe ku Nchalo. Amuimbira foni, iye akufunsa kuti ndalama anatumiza mwezi watha zinapita kuti, mayunitsi n'kuthera pomwepo.

Ndiye pali chindapusa. Boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi mu 2007, ndipo m'zaka zotsatira, makamaka kuyambira 2012 pomwe Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino yodalira mafumu, midzi yambiri inaika malamulo oti wochirira pakhomo alipe mbuzi kapena ndalama. Malamulowa anakankhiradi amayi kuchipatala. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 mwa ana 100 aliwonse amabadwira kuchipatala. Koma taganizani mwana wabadwira pakhomo mwadzidzidzi, nsengwa yakanirira, mayi akutaya magazi. Banja limayamba kukambirana momwe lingabisire amfumu, ndi kuti mbuziyo apereka ndani. Mafumu athu, pamene mukulengeza za chindapusa, muzinenanso poyera kuti amene wathamangira kuchipatala ndi mayi wotaya magazi, mlandu wake udzaonedwa mwachifundo, mwinanso sudzakhalapo n'komwe. Mbuzi isatsekere mayi njira.

Thupi la mayi silidikira kuti mutsirize kukambirana. Mimba ikafika kumapeto, magazi okwana theka la lita kapena kuposa amadutsa m'chiberekero pa mphindi iliyonse. Mwana akabadwa, chiberekero chiyenera kudzifinya n'kulimba kuti chitseke mitsempha imeneyi. Chikalephera, mayi akhoza kufa m'maola awiri okha. Akatswiri amayerekeza kuti popanda thandizo, wotaya magazi mwana asanabadwe ali ndi maola ngati 12, wong'ambika chiberekero tsiku limodzi, wokomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi masiku awiri, ndipo amene mwana walephera kudutsa masiku atatu. Mwanayo amafa msanga kuposa pamenepo, ndipo mayi akapulumuka akhoza kutsala ndi fisitula, matenda otayikira mkodzo osalekeza. Tsono pa maola awiri aja chotsanipo nthawi yodzutsa wakabaza, ya panjira, ndi yoti namwino aike dilipi n'kupeza magazi oyenerana naye. Zatsala mphindi zingati zokambirana za atsibweni?

Dziko lathu layenda ulendo ndithu. Mu 2004 amayi 984 ankafa pa uchembere pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Mu 2010 anali 675, ndipo pofika kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anali 439. Zipatala, azamba ophunzira ndi mankhwala zinathandiza. Koma jakisoni amene ali m'kabati ku Chikwawa, ku St Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona sangafike kwa mayi amene akadali pakhomo.

M'chipatala namonso

Musaganize kuti ovala zoyera sasochera. Mayi akafika mochedwa, atatumbululuka, mafunso amene amathamangira pakamwa ndi oti, "Munali kuti nthawi yonseyi? Buku la sikelo lili kuti? Mwamwa chiyani kunyumba?" Lachitatuli ndi lofunika, koma likafunsidwa mokalipa operekeza amabisa. Awiri oyambawo akhoza kudikira mpaka mawa. Ophunzira anga ndimawauza kuti dzanja lifike pamimba, maso pa magazi ndi chala pamtsempha, pakamwa pasanatseguke.

Ndimawafotokozeranso za ndege ina. Usiku wa pa 29 Disembala 1972, ndege ya kampani ya Eastern Air Lines yochokera ku New York inkayandikira ku Miami, ku America. Kababu kosonyeza kuti tayala lakutsogolo latsika sikanayake. Onse a m'chipinda choyendetsera anatembenukira pa kababuko: uyu akukagwedeza, uyu akukazula, wina watsikira pansi kukasuzumira tayala. Palibe amene anaona kuti ndege ikutsika pang'onopang'ono, mpaka inagwa m'dambo la Everglades n'kupha anthu 101. Tayala linali bwinobwino, kababu ndi kamene kanapsa. Anali anthu odziwa ntchito, ndipo kababuko kanalidi nkhani yofunika kuiona. Koma panalibe amene anatsala ndi funso loyamba, loti ndege ikuuluka bwanji. Ngozi imeneyi ndi zina zonga iyo zinachititsa makampani a ndege kuyamba kuphunzitsa kuti pakagwa vuto, mmodzi azisiyidwa kuti aziyendetsa basi, ndiponso kuti wamng'ono ali ndi ufulu wochenjeza kaputeni. Azaumoyo tinatengera nzeru imeneyi. M'chipinda chochirira zinthu zikavuta, ngati manja alipo okwanira, mmodzi amaima pambali, ntchito yake kuona mayi yense ndi kutchula nthawi mokweza.

Foni yoitanitsa ambulansi nayo imasochera mosavuta. Imayamba ndi mayi wodwala n'kuthera pa mafuta a galimoto ndi amene amayenera kukhala pantchito usikuwo. N'chifukwa chake timaphunzitsa namwino kunena zinthu mwandondomeko yake, mwachidule: wodwala ndi wotani ndipo chachitika n'chiyani, mbiri yake, zimene ndapeza pomuyeza, ndi chimene ndikufuna kwa inu pofika nthawi yakuti. Wa mbali inayo akapatuka, namwino amabwereza chiganizo chomalizacho, mwaulemu, mpaka amve yankho.

Nthawi zina chimene chimathetsa mkangano ndi muyeso. Kuyeza magazi ndi maso kumanamiza. Uyu amati ndi ambiri, uyu amati ndi a masiku onse, nthawi n'kumapita. Kafukufuku wotchedwa E-MOTIVE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anachitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania pa amayi oposa 200,000. Ankayala pansi pa mayi pepala la pulasitiki lokhala ndi thumba la mizere yoyezera, ndipo magazi akafika pamzere, thandizo lonse linkaperekedwa nthawi imodzi: kusisita chiberekero, jakisoni wochilimbitsa, mankhwala oletsa kutaya magazi, dilipi, ndi kufufuza pomwe magaziwo akuchokera. Kutaya magazi koopsa kunatsika ndi 60 peresenti. Mankhwalawo sanali atsopano. Chatsopano chinali choti magazi akafika pamzere, zokambirana zatha.

Pamisonkhano younika imfa za amayi, imene imayenera kuchitika mayi akamwalira pa uchembere, mfundo yake ndi yoti sititchula dzina ndipo sitiloza chala. Ena amaganiza kuti ndi njira yobisira olakwa. Chifukwa chake chenicheni n'choti funso loti "chinachitika n'chiyani, ndipo tisinthe chiyani" likangosanduka "analakwa ndani", aliyense amayamba kudziteteza ngati msungichuma uja, ndipo zoona zake simuzimvanso.

Pano ndinene mbali ina, poti wina angamve ngati ndikuti aliyense wopatuka azidulidwa. Ayi. Kusikelo mayi amatha kupempha Panado, n'kuyamba kufotokoza za apongozi ake, za munda umene sunalimidwe, za mwamuna amene wasiya kuimba foni. Mzamba wothamanga amapereka Panado. Mzamba wodekha amamva kuti mayiyu akunena kuti nthawi yake ikadzakwana sadzaloledwa kukadikirira kuchipatala, ndipo amamuyezanso kuthamanga kwa magazi, poti mutu wa mayi wa miyezi isanu ndi itatu si mutu wamba. Ambiri a ife nkhani yolemera sitiyamba nayo, timaiyambira m'mbali ngati phala lotentha. Mwini funso akamazungulira, mutsatireni, akukutengerani komwe kuli funso lenileni. Choopsa ndi pomwe ena alanda funso la mwini n'kupita nalo kwawo.

Wosunga funso

Nzeru yobweza nkhani sitiyenera kukaitenga kunja. Pitani pabwalo la milandu la mfumu iliyonse yodziwa ntchito yake. Odandaula akalankhula, oyankha akalankhula, mboni zikapita uku ndi uku, nduna imaimirira n'kunena kuti, "Tamva zonse. Koma chatisonkhanitsa pano ndi malire a munda." Palibe amene amakwiya, chifukwa ndi ntchito imene anapatsidwa. Ankhoswe abwino amachitanso chimodzimodzi banja likayamba kufukula za zaka khumi zapitazo. Chodabwitsa n'choti luso limeneli timalisiya kubwalo la milandu, osalitenga popita kumsonkhano wa zaumoyo.

Msonkhano usanayambe, sankhani munthu mmodzi kuti akhale wosunga funso. Asakhale apampando, poti iwo ali kale ndi ntchito yopatsa anthu mpata ndi yosunga mtendere. Asakhalenso mwini funso. Akhale munthu amene akulu angamumvere, mwina mayi wachikulire wa ulemu wake kapena mlangizi wa zaumoyo, ndipo anthu onse amve kuti wapatsidwa chilolezo. Mawu ake safunika ukali. "Zikomo agogo, mawu anuwo ndi aakulu, alembi awalembe kuti tidzawapatse tsiku lawo. Koma mwana wathu uja anafunsa za usiku, ndipo sitinamuyankhe." Kulembako musakupeputse. Munthu amene waona dandaulo lake likulowa m'buku, ndi tsiku lake pambali, amakhala pansi mtima uli m'malo. Amene wangouzidwa kuti "imeneyo si nkhani yake" aibweretsanso pakapita mphindi zisanu. Ndipo tsiku lolonjezedwalo lifikedi, apo ayi ulendo wina sadzakukhulupirirani.

Yankho nalo lili ndi maonekedwe ake. "Tiyenera kugwirana manja" si yankho. "Boma litithandize" mwina ndi zoona, koma silinyamula munthu usiku uno. Yankho limakhala ndi dzina la munthu, nambala ya foni, ndalama yotchulidwa ndi tsiku. Musanatseke ndi pemphero, wosunga funso atembenukire kwa amene anafunsa: "Kodi mwayankhidwa?" Akangoti zii n'kuyang'ana pansi, dziwani kuti sanayankhidwe.

Za pakhonde usiku zija, njira yake ndi kuzikambirana masana, mimba ikadali yaing'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Pa maulendo onsewo, umodzi wokha bambo kapena apongozi atapita nawo, zambiri zikhoza kutheratu pomwepo. Atsibweni ndi akuchimuna auzidwe pasadakhale, ndipo avomereze pasadakhale kuti chizindikiro choopsa chikaoneka, amene ali pafupi anyamuke naye osadikira chilolezo cha wina. Zizindikirozo zitchulidwe kuti aliyense pakhomo azidziwe: magazi ngakhale ochepa mayi asanachire, mutu waukulu ndi kuona mwachizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa matenda asanayambe, mwana kusiya kugunda, matenda opitirira maola 12. Mukakhala ndi chikaiko, imbani foni ku Chipatala cha pa Foni. Koma magazi akamatuluka musaime kuti mufunse, imbani muli kale panjira. Nkhani ya amene anayenda njira zosayenera, ngati banja likuifunadi, ankhoswe alipo ndipo sathawa. Idzakambidwe mayi ndi mwana atatuluka m'chipatala.

Kwa amene amakhala kutsidya kwa mitsinje yodzaza, chabwino ndi kukadikirira kuchipatala mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba. Apanso pali mafunso ake amene amakonda kusochera: ana otsala adzawasamala ndani, ufa ndi nkhuni za kodikirira zichokera kuti, munda adzapalira ndani poti ndi dzinja. Amayi ambiri amene amakana kukadikirira sakana chipatala, amakhala kuti mafunso atatuwa palibe amene wawayankha.

Mayi amene adzachire mu Januwale anatenga pakati mu Epulo. Pofika Okutobala mimba yake ikuoneka, ndipo ngati anayamba sikelo, azaumoyo akumudziwa kale. Mimba sitilengeza pabwalo, ndiye izi zichitike m'kagulu kochepa, mlangizi wa zaumoyo, amayi awiri kapena atatu a komiti ndi anyakwawa, eni ake atavomera. Kukadali kouma, kagulu kameneka kakhale pansi n'kuwerenga amayiwa mmodzimmodzi, n'kulemba pambali pa aliyense amene adzamunyamule, amene adzamuperekeze ndi amene adzatsale ndi ana. Za matayala a njinga ija muziike pamsonkhano wa mu Novembala.